Lendi ikakwera ku Tete: za pa wailesi ndi zimene lamulo limanena

Banja la ku Chipera likatumiza mwana kukaphunzira ku Tete, ndalama yoyamba kutuluka m'thumba ndi ya chipinda, ya sukulu imabwera pambuyo. Chimodzimodzi mnyamata wokafuna ntchito ku Moatize, ngakhalenso mphunzitsi kapena namwino amene boma lamutumiza ku Fingoé kapena kumidzi kuno: onsewa amagona m'nyumba ya mwini. N'chifukwa chake mawu akamveka pa wailesi kuti lendi yakwera m'tauni, nkhaniyo imafika mpaka pankhokwe, pakuti chimanga, mbuzi ndi kapenta wa ku Cahora Bassa ndi zimene zimagulitsidwa kuti mwana asagone panja.

Nkhani ya pa wailesi kapena m'nyuzipepala si lamulo, ndipo payokha siingakweze lendi ya munthu. Chimene chimamanga inu ndi mwininyumba ndi pangano lanu awiri, pamodzi ndi malamulo a dziko amene amaliteteza panganolo. Anthu ambiri amawonjezera ndalama mwamantha, ena amapeza katundu wawo ali pabwalo, chifukwa chongosadziwa zimenezi.

Kukwera kwa lendi ku Tete kunabwera ndi malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa malasha a ku Moatize mu 2004, ndipo mgodi wake unayamba kutulutsa mu 2011. Ku Benga kunali Riversdale ya ku Australia, imene Rio Tinto inagula mu 2011 pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Zaka zomanga migodizo zinakokera ku Tete akatswiri akunja, makampani omanga, madalaivala, ophika, alonda, ndi anthu ongoyesa mwayi ochokera ku Angónia, Macanga, Marávia, Beira, Malawi ndi Zimbabwe. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000 mumzinda wa Tete, pamene wa 2017 anapeza oposa 300,000. Anthu anawirikiza m'zaka khumi zokha, koma nyumba ndi mipope ya madzi sizinachuluke chomwecho. Makampani ankatenga nyumba zabwino pa mitengo imene mphunzitsi sakanaiyandikira, nthawi zambiri yowerengedwa m'madola. Amene analephera mitengoyo anasunthira ku Matundo, ku Chingodzi ndi kwina, ndipo kumeneko anakweza mtengo wa zipinda zimene osauka ankakhalamo.

Kenako malasha anagwa mtengo. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodi yake kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha, ndipo mu 2022 Vale nayo inachoka, kusiyira Vulcan. Alendo olipira bwino aja atachepa, nyumba zikuluzikulu zinatsika mtengo. Koma funsani wokhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ngati mwininyumba anabwerapo kudzamuuza kuti mwezi uno achotsepo pang'ono. Mu 2016, ngongole zobisika za boma zitaululika, metical inagwa kuchoka pa 40 ndi kanthu kufika pafupi ndi 80 pa dola imodzi, zinthu zonse zinakwera, ndipo eni nyumba anapezanso chifukwa china chowonjezerera.

Mmene nkhani imeneyi imalembedwera ndi pamene mtima wanga umawawa. Mtolankhani akafuna chitsanzo, kawirikawiri amaima pa nyumba ya mpanda wautali ndi geti lachitsulo, natchula mtengo wochititsa kakasi, chifukwa mtengo wotero ndi umene umakopa omvera. Akafuna womufunsa, amapeza comissionista, munthu amene gawo lake limakula lendi ikakula. Mutu wa nkhani umangoti lendi yakwera ku Tete, osanena kuti ndi dera liti, nyumba yotani. Kutero n'kuyeza mtengo wa nkhuku pa mtengo wa ng'ombe. Nyuzipepala zazikulu monga Notícias, O País ndi Savana zimachokera ku Maputo ndipo zimalembedwa m'Chipwitikizi, choncho nyumba za ku Polana ndi Sommerschield zili pafupi ndi maso awo kuposa chipinda cha mwana wasukulu ku Matundo. Tsono mwininyumba wa ku Matundo akamva nkhaniyo, mawa lake amagogoda pachitseko.

Sindikunyoza ntchito ya atolankhani ayi. Mabanja oposa 1,300 atasamutsidwa ndi Vale kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro mu 2009 ndi 2010, ndipo anthu a ku Cateme atatseka njanji mu Januwale 2012 chifukwa cha nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, dziko linamva chifukwa panali anthu olemba ndi kuulutsa. Ndikufuna khama lomwelo lifikenso kwa ochita lendi m'zipinda zazing'ono, amene ndi ochuluka koma saoneka pa TV.

Inuyo womvera, mukamva nkhani yotere, dzifunseni mafunso angapo musanachite mantha. Akunena dera (bairro) liti? Ndi nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi madzi m'kati, kapena ndi quarto e sala, chipinda chimodzi ndi pabalaza, ya chimbudzi chogawana? Yakwera kuchokera liti mpaka liti? Mtengo watchulidwawo ndi umene mwininyumba akuitanira, kapena umene anthu akulipiradi? Funso lomalizali ndi lalikulu, chifukwa woitanira amayamba ndi mtengo wapamwamba podziwa kuti mudzanenerera. Ndipo wanena ndani, wapeza bwanji chiwerengerocho? Bungwe la boma la ziwerengero, INE, limatulutsa mwezi ndi mwezi kakweredwe ka mitengo ya zinthu. Kwa zaka zambiri linkawerengera ku Maputo, Beira ndi Nampula basi, ndipo Tete inawonjezedwa pambuyo pake. Ziwerengero zimenezo ndi za m'mizinda. Fingoé ndi Chipera mulibemo. Komanso mapangano ambiri a zipinda amachitika pakamwa, moti palibe kaundula amene angawaone onse.

Pa nkhani za mauthenga muli ndi maufulu awiri oti muwadziwe. Lamulo nambala 34 la 2014 limalola nzika iliyonse kupempha uthenga ku maofesi a boma popanda kufotokoza chifukwa chake, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Lamulo la atolankhani la 1991 linakhazikitsanso ufulu woyankha, kuti munthu amene wanenedwa zabodza kapena zomuipitsira mbiri apatsidwe malo oyankhira pomwepo pamene ananenedwa. Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe. Mukamva mtengo umene sukugwirizana ndi wa kumene mukukhala, imbani pa pologalamu, munene umene mukulipira. Mukakhala chete, mawu a comissionista ndi amene amatsala okha.

Tsopano tilowe m'malamulo. Akuluakulu ena amaganizabe kuti boma ndi limene limaika mtengo wa lendi, ndipo maganizowo ali ndi pochokera. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse zochititsa lendi zakhala za boma, ndipo bungwe la APIE ndi limene linkaziyang'anira n'kumatolera lendi yotsika. Kuyambira 1991 boma linayamba kugulitsa nyumbazo kwa amene ankakhalamo, ndipo kuchititsa lendi kunabwerera m'manja mwa anthu wamba. Lero, polowa m'nyumba ya munthu, mtengo mumagwirizana awiri. Ndime 91 ya Constituição, malamulo aakulu a dziko, imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'nyumba yoyenera, koma udindo wokonza njira kuti zimenezi zitheke inaupereka kwa boma. Simungaigwiritse ntchito kukakamiza mwininyumba kuti akutsitsireni mtengo. Chitetezo chanu cha tsiku ndi tsiku chili mu Código Civil ya 1966 ndi mu lamulo la nyumba zalendi za m'matauni la 1961, Decreto 43525. Onse awiri ndi a nthawi ya atsamunda, koma akugwirabe ntchito.

Mfundo yoyamba ili pa ndime 406 ya Código Civil: pangano liyenera kutsatidwa monga linapangidwira, ndipo lingasinthidwe pokhapokha mbali zonse ziwiri zitavomera, kapena pamene lamulo lenilenilo lalola. Ngati munagwirizana mtengo wa chaka chonse, mwininyumba sangaukweze yekha pakati pa chaka. Akabwera n'kunena kuti, "Mwamva pa wailesi, zinthu zakwera, mwezi wamawa muwonjezerepo," palibe chifukwa chokangana naye. Muyankheni mwaulemu: "Ndamva, bambo, ndipo ndikudziwa kuti zinthu zavutadi. Koma tinagwirizana mtengo uwu mpaka Disembala. Tidzakhale pansi pangano likamatha." Mawu amenewa amalemera ngati pali pepala. Popanda pepala, aliyense amakumbukira zomukomera.

Choncho lembani. Lamulo la 1961 lija limafuna kuti pangano la lendi likhale lolembedwa, ndipo ngakhale likanapanda kutero, ine ndikanakuuzanibe kuti mulembe. Sipafunika pepala lodula. Pakhale mayina a nonse awiri ndi manambala a ziphaso zanu za BI, pamene pali nyumba, zipinda zimene mwatenga, mtengo wa pamwezi m'meticais osati m'madola, tsiku lolipira, tsiku loyamba ndi lomaliza la pangano, ndi masiku amene wina ayenera kuchenjeza mnzake akafuna kuthetsa kapena kusintha mtengo. Mulembenso amene adzagula magetsi a Credelec ndi kulipira madzi, makamaka ngati mita ndi imodzi pa mabanja angapo, chifukwa mikangano yambiri ya m'mipanda imayambira pamenepo. Ngati mwapereka chikole, caução, kapena lendi ya miyezi ingapo pasadakhale, zilembedwe ndi kuchuluka kwake, ndi mmene chikolecho chidzabwerere. Musayine nonse, mboni ziwiri zisayinenso, aliyense asunge kope lake. Likakhala m'Chipwitikizi ndipo simuchiwerenga bwino, pitani ndi munthu wanu woti akuwerengereni mzere ndi mzere. Kumasulira kwa comissionista musakudalire.

Makolo, apa tcherani khutu. Pa nkhani za mapangano, lamulo limamuona munthu kuti ndi wamkulu pokhapokha akakwana zaka zimene linaika. Ana ena amene timatumiza ku sekondale, ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena ku sukulu zina amakhala asanafike pamenepo. Ndi bwino kuti kholo, kapena m'bale wamkulu wokhala m'tauni, asayine m'malo mwa mwana. Ndaona kuti mwininyumba akadziwa kuti kumbuyo kwa mwanayo kuli amalume kapena azakhali oti angafike tsiku lililonse, amalankhula mosamala.

Tsiku lolowa, musathamangire kuyala mphasa. Yendani m'chipindamo pamodzi ndi mwininyumba dzuwa likuwala. Yang'anani kumwamba ngati malata akuonetsa kuwala m'mabowo a misomali. Gwedezani chitseko, yesani loko ndi kiyi wake, onani galasi la pawindo ngati lili ndi mng'alu, pondani simenti ya pansi pamene yafufuma. Pitani kuchimbudzi ndi kubafa. Werengani nambala imene ili pa mita ya madzi ndi mayunitsi otsala pa Credelec. Zonsezi jambulani pa foni, ndipo zowonongeka muzilembe kuseri kwa pangano. Ndime 1043 ya Código Civil imati wochita lendi ayenera kubweza nyumba monga anaipezera, kupatula kutha kumene kumabwera ndi kukhalamo mosamala. Penti yofwifwa ndi zaka si mlandu wanu, koma galasi losweka, ngati silinalembedwe tsiku lolowa, lidzadya chikole chanu.

Lisiti ndi ufulu wanu. Ndime 787 ya Código Civil imalola wolipira kufuna lisiti, ndipo imamulolanso kugwira ndalama yake mpaka lisitilo litaperekedwa. Kakope ka sukulu kamakwanira: tsiku, mwezi umene mukulipirira, kuchuluka kwa ndalama, siginecha ya wolandira. Ngati mumatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola kuchokera kumudzi, tumizani ku nambala ya mwininyumba weniweni imene inalembedwa m'pangano, ndipo mauthenga otsimikizira musawafufute. Foni imatayika kapena kugwera m'madzi, choncho muzikoperanso m'kakopeko. Kumene kulibe pangano lolembedwa, malisiti amenewa ndiwo umboni woti ndinu wochita lendi, osati munthu wongosungidwa mwachifundo.

Nkhani yowawa kwambiri ndi yotulutsana. Timamva za eni nyumba ozula chitseko, ochotsa malata, okhoma loko wachiwiri munthu ali kuntchito, odula madzi kuti wokhalamo atope achoke yekha. Zonsezi lamulo silizilola, ngakhale wochita lendiyo atakhala ndi ngongole. Ndime yoyamba yeniyeni ya Código de Processo Civil imaletsa munthu kudzitengera chilungamo ndi mphamvu zake. Ndime 1047 ya Código Civil imati mwininyumba akafuna kuthetsa pangano chifukwa wochita lendi walakwira, khoti ndi limene liyenera kugamula. Ndime 1037 imamuletsa kuchita zinthu zolepheretsa wokhalamo kugwiritsa ntchito nyumbayo. Pamwamba pa zonsezi pali ndime 68 ya Constituição: pokhala pa munthu salowapo mwamphamvu popanda chilolezo cha khoti, ndipo usiku palibe amene ayenera kulowa popanda mwini kuvomera. Chipinda chimene mukulipira ndi pakhomo panu pamaso pa lamulo, ngakhale njerwa zake ndi za wina.

Pangano likamatha, wofuna kuti lisapitirire ayenera kuchenjeza mnzake nthawi ikadalipo. Ndime 1055 ya Código Civil imatchula masiku 60 pa pangano la chaka chimodzi kufika zaka zisanu ndi chimodzi, ndi masiku 30 pa la miyezi itatu kufika chaka. Nyumba zogonamo za m'tauni zilinso ndi malamulo ake owonjezera mu Decreto ya 1961 ija, choncho mukalandira kalata yoti mutuluke, ionetseni kwa odziwa malamulo musanamange katundu. Nyumba ikagulitsidwa muli momwemo, ndime 1057 imati wogulayo amalowa m'malo mwa mwininyumba wakale, kutenga maufulu ndi maudindo ake omwe; pangano lanu silifa chifukwa cha malondawo. Palinso kachenjerero kena: mwininyumba kukana dala kulandira lendi kuti pambuyo pake anene kuti simulipira. Zikatero ndalamayo musaidye. Pitani nayo ndi mboni, ndipo akakanabe, lamulo lili ndi njira yoisungitsira m'dzina lake, consignação em depósito, imene imasonyeza kuti inu mbali yanu munachita.

Koyambira kudandaula ndi pafupi. Atsogoleri a m'dera, chefe do quarteirão ndi secretário do bairro, amathetsa nkhani zambiri zisanakule, ndipo amakhala mboni zabwino zikakula. Makhoti a m'madera, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4 la 1992, ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Ngati pali kuthyola, kuopseza kapena kulanda katundu, pitani kupolisi tsiku lomwelo. Ndipo ngati nkhani ikupita kukhoti koma mulibe ndalama ya loya, kuli IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwa osowa, mogwirizana ndi ndime 62 ya Constituição. Popita kumeneko tengani BI, pangano, malisiti ndi zithunzi zija.

Ndinganame ndikanena za ufulu wokha. Eni nyumba ambiri a ku Matundo kapena ku Fingoé si anthu olemera. Ena ndi amayi amasiye amene kachipinda ka kuseri ndiko kamawagulira ufa ndi mankhwala, ndipo wochita lendi akadumphitsa miyezi itatu, iwowo ndi amene amagona ndi njala. Ndime 1038 ya Código Civil imatchula momveka maudindo anu inu ochita lendi. Muzilipira pa nthawi yake. Muzilola mwininyumba kudzaona nyumba yake, mutagwirizana nthawi. Musasandutse chipinda chogona kukhala malo ogulitsira mowa kapena shopu. Muzinena msanga denga likayamba kudontha kapena khoma likang'aluka, mulole kukonza kofunika mwachangu, ndipo musachititse lendi kwa wina popanda chilolezo. Mfundo yomalizayi imatigwira ife anthu akumudzi. Kwathu mlendo sabwezedwa, ndipo wa ku Chipera akapeza chipinda ku Tete, abale odzagulitsa mbewu kapena odzaonetsa wodwala amafikira kwa iye. Kulandira mlendo wa masiku ochepa ndi chinthu china, koma kulowetsa anzanu atatu kuti muzisonkherana lendi mwininyumba osadziwa kungakugwetseni pa mlandu. Muuzeni poyamba pomwe kuti mudzakhala angati, ndipo zilembedwe.

Mwezi ukavuta, chifukwa mbewu sizinagulidwe kapena malipiro achedwa, musabisale. Pitani nokha tsiku lolipira lisanafike, munene tsiku limene mudzapereke, ndipo mukagwirizana mulembe m'kakope komweko. Pa kukonza kofunika mwachangu, monga denga limene mphepo yasasula nthawi ya mvula, ndime 1036 imalola wochita lendi kukonza yekha ngati mwininyumba akuzengereza kapena nthawi sikulola kudikira, n'kudzabwezeredwa ndalama zake. Koma muuzeni nthawi yomweyo, ndipo musunge malisiti a misomali, malata ndi mmisiri.

Lendi ikatopetsa, ambiri amaganiza zogula malo kuti amange yawo. Maganizowo ndi abwino, koma kumbukirani ndime 109 ya Constituição ndi lamulo la malo nambala 19 la 1997: nthaka ku Mozambique ndi ya boma, siigulitsidwa ndipo siikhala chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, pamene nyumba ndi zina zomangidwapo ndi zimene zingagulitsidwe. Wina akakulozerani tchire m'mphepete mwa tauni n'kukuuzani kuti mulipire lero, kafunseni kaye ku khonsolo ya mzinda ngati malowo ndi ololedwa kumangapo ndiponso ngati sanaperekedwe kale kwa wina.

Nanunso a ku Chipera ndi ku Fingoé amene mwamanga zipinda zoti aphunzitsi, anamwino ndi apolisi azikhalamo, malamulo omwewa a Código Civil amakukhudzani. Ndime 1031 imakupatsani udindo wopereka nyumba ndi kuonetsetsa kuti wolowayo akukhalamo bwino monga munagwirizanira. Ndalama ya lendi ndi phindu limene lamulo la msonkho wa IRPS limawerengera, choncho khalani ndi nambala yanu ya msonkho, NUIT, ndipo mufunse ku ofesi ya msonkho zimene muyenera kuchita. Mukafuna kukweza mtengo, dikirani pangano lithe, muchenjeze nthawi ikadalipo, ndipo muwerengere pa zimene mwawonongadi pokonza nyumbayo ndi pa mitengo ya kwanu konko. Mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzi mwanu amalandira malipiro a boma, ndipo akachoka chifukwa cholephera lendi, kalasi ya ana anu imatha kukhala miyezi yopanda wophunzitsa mpaka boma litatumiza wina.